Njala Yabwerera: Mafunso a Owerenga pa Kadyedwe Pambuyo pa Opaleshoni Yochepetsa Chifu

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu pofuna kuthana ndi kunenepa kopitirira muyezo, ndiponso kwa bambo wina amene akusamalira mkazi wake. Onsewa anachitidwira opaleshoniyo kunja kwa Malawi, ndipo pepala la malangizo a kadyedwe limene anapatsidwa kuchipatala silitchula nsima, usipa, maheu kapena mwambo wodyera m'mbale imodzi. Makalatawa tawafupikitsa ndipo mayina tawabisa. Mayankho athu ndi othandiza kumvetsa zimene zikuchitika m'thupi, koma za mankhwala ndi zoyeza zikhale m'manja mwa dokotala amene akukuonani.

Funso: Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ndinachitidwa opaleshoni ya sleeve ku India miyezi 10 yapitayo. Ndatsika kuchoka pa makilogalamu 128 kufika pa 94. Miyezi yoyambirira ana ankachita kundikumbutsa kuti ndidye, chifukwa njala sindinkaimva n'komwe, koma tsopano yabwerera. Ndikamwa tiyi ndi buledi m'mawa, pofika 10 koloko m'mimba mumakhala mukulira, ndipo madzulo ndikutha theka la mtanda wa nsima pamene kale mbamu ziwiri zinkandikwana. Kodi chifu changa chatanuka? Kodi ndalama zonse zija zalowa m'madzi? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, ndalama zanu sizinalowe m'madzi. Makilogalamu 34 amene achokawo ndi oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kumene munali nako, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri ochitidwa sleeve amafika chaka choyamba chikamatha. Kubwerera kwa njala pa nthawi ino sikutanthauza kuti opaleshoni yalephereka, ndipo zikanakhala bwino akanakuchenjezani za zimenezi musanakwere ndege yobwerera kuno.

Pa opaleshoni ya sleeve madokotala amadula n'kuchotsa magawo pafupifupi 75 mpaka 80 pa magawo 100 alionse a chifu, n'kusiya kachigawo kakatali koma kopapatiza, kooneka ngati nthochi. Mbali yakumtunda imene amachotsayo ndi imene imapanga gawo lalikulu la homoni yotchedwa ghrelin, imene akatswiri a ku Japan anaitulukira m'chaka cha 1999, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana. Mbaliyo ikachoka, homoniyi imatsika kwambiri. Komanso chakudya chimayamba kufika m'matumbo mofulumira kuposa kale, ndipo matumbo amatulutsa mahomoni ena, monga GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta. N'chifukwa chake ana ankachita kukukumbutsani. Koma thupi silikhala choncho mpaka kalekale. Kutupa kwa m'kati kumene opaleshoni inasiya kumatha, chifu chotsalacho chimafewa n'kuyamba kulandira zochulukirapo, ndipo thupi lililonse limene lachepa mafuta kwambiri limalimbana kuti liwabwezeretse powonjezera chilakolako cha chakudya. Anthu ambiri amayambanso kumva njala pakati pa mwezi wa 6 ndi wa 12. Kuchoka pa masupuni ochepa a masabata oyamba kufika pa chakudya chodzaza pafupifupi kapu imodzi chaka chikamatha ndi mmene zimayenera kuyendera.

Popeza njalayi sidzachokanso, chimene muyenera kuganizira tsopano ndi chakuti m'malo ochepa amene muli nawowo muziikamo chiyani choyamba. Tiyambe ndi kadzutsa wanu. Buledi woyera akakumana ndi tiyi wa shuga amasungunuka n'kutsetsereka kupita m'matumbo, shuga wa m'magazi amakwera msanga n'kutsikanso msanga, ndipo njala imene mukuimva 10 koloko ndi yeniyeni, si yongoganizira ayi. Yesani kwa sabata imodzi kudya mazira awiri ophika mofewa, kapena dzira limodzi ndi theka la kapu ya chambiko chosathira shuga, kenako n'kudzamwa tiyi patapita mphindi 30. Zakudya zomanga thupi zimakhalitsa m'chifu ndipo zimadzutsa mahomoni a kukhuta kuposa zakudya za ufa.

Nkhani ya nsima ndiyo imavuta kwambiri, chifukwa tonsefe tinaleredwa kuti chakudya ndi nsima, ndipo ndiwo ntchito yake ndi kungoiperekeza. Mwana amene wamaliza ndiwo nsima ikadali m'mbale amadzudzulidwa kuti ndi wankhuli. Kwa munthu wa chifu chochepetsedwa dongosolo limeneli liyenera kutembenuka: muziyamba ndi nsomba, nkhuku, mazira kapena nyemba, kenako masamba monga nkhwani kapena bonongwe, ndipo nsima izibwera pomalizira, mbamu ziwiri kapena zitatu zazing'ono ngati malo atsala. Chifukwa china chimene nsima imapusitsira n'chakuti sitiitafuna kwenikweni. Mbamu imaumbidwa m'manja, kusunsidwa mumsuzi n'kumezedwa, ndipo ikakhala ya therere imatsika osamveka n'komwe. Motero munthu amadzaza chifu m'mphindi zisanu, uthenga wa kukhuta usanafike kuubongo, ndipo chambo chija chimatsala m'mbale chifukwa malo atha. Ufa wa mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga amene amachedwetsa kugaya, komabe ngakhale nsima ya mgaiwa isatsogole.

Madokotala amalangiza kuti munthu wochitidwa opaleshoni yotereyi azipeza magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi tsiku lililonse, ndipo zimenezi n'zotheka ndi zinthu za pamsika wathu. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8, nthuli ya chambo yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 20, ndipo kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Usipa ndi matemba ouma ndi olemera kwambiri pa zomanga thupi, chifukwa madzi anachokamo, ndipo popeza timadya ndi minga yomwe, amathandizanso mafupa. Muziwaphika mpaka afewe, kapena muziwasinja n'kuthira ufawo m'masamba. Mukadya mazira awiri m'mawa, chambo masana, kapu ya chambiko chakumadzulo, ndi usipa pang'ono pamodzi ndi theka la kapu ya nyemba pa mgonero, mwafika pa 60 popanda kugula maufa odula a m'zitini. Nyama youma monga kanyenya ndi nkhuku yachikuda yosapsa bwino zimakonda kuima pachifuwa, choncho zimafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati njala pamene si njala. Choyamba ndi ludzu. Mumafunika madzi okwana lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, ndipo popeza simungagugude kapu yonse nthawi imodzi, n'zosavuta kuperewera, makamaka m'miyezi ya October ndi November. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, yambani mwamwa madzi pang'onopang'ono, kenako muone ngati njalayo ikadalipo. Koma madzi asayendere limodzi ndi chakudya: lekani kumwa mphindi 30 musanadye, ndipo dikiraninso mphindi 30 mukatha kudya, chifukwa madzi amatenga malo a chakudya, amachikankha kuti chituluke msanga m'chifu, ndipo kwa ena amayambitsa kusanza. Chachiwiri ndi asidi. Chilungulira n'chofala kwambiri pambuyo pa sleeve, ndipo kwa anthu ena sichimveka ngati kutentha pamtima koma ngati kukokota kwa m'mimba kumene kumaleka munthu akadya kanthu. Ngati njala yanu imabwera ndi malovu owawasa, kugeya pafupipafupi kapena kutsokomola usiku, auzeni adokotala, chifukwa mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole amathetsa njala yabodzayi. Pewaninso kugona musanathe maola awiri kapena atatu chidyereni.

Kutanuka kwenikweni kwa chifu kumachitika, koma zizindikiro zake n'zosiyana ndi zanu. Munthu amayamba kutha mbale yofanana ndi imene ankatha asanachitidwe opaleshoni, osamva kudzaza kulikonse ngakhale adye nyama yolimba, ndipo sikelo imakwera mwezi ndi mwezi. Zikafika pamenepo madokotala amaunika polowetsa kamera yaing'ono kudzera kukhosi, kapena pojambula X-ray munthu atamwa mankhwala oonetsa mmene chifu chilili.

Funso: Ndinachitidwa gastric bypass kuno ku Joni miyezi 7 yapitayo. Ndimagwira ntchito yoyendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo nthawi yokhala pansi n'kudya imasowa, choncho masana ndimangogula botolo la maheu. Ndikangomwa, thukuta limatuluka, mtima umathamanga ndipo m'mimba mumapotokola. Pakatha maola awiri ndimayamba kunjenjemera ndi njala yoopsa, moti ndimayenera kudya maswiti kuti ndikhale bwino. Kodi ndi matenda a shuga amene abwereranso? — Bambo wa ku Johannesburg

Yankho: Bambo, zimene mwafotokozazi madokotala amazitcha dumping syndrome, ndipo inu mukukumana ndi mitundu yake yonse iwiri motsatizana. Pa bypass amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kolowa mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza mwachindunji kumatumbo aang'ono. Kale panali kanyama kozungulira kumapeto kwa chifu kamene kankatulutsa chakudya pang'onopang'ono, koma tsopano chakudya sichidutsanso pamenepo. Mukamwa maheu, shuga yense amafika m'matumbo nthawi imodzi, amakoka madzi kuchoka m'magazi kulowa m'matumbomo, ndipo m'mphindi 10 mpaka 30 mumamva thukuta, nseru, kupotokola ndi kuthamanga kwa mtima. Umenewu ndi mtundu woyamba.

Wachiwiri umabwera pakatha ola limodzi mpaka maola atatu. Shuga wambiri uja akalowa m'magazi mwadzidzidzi, thupi limatulutsa insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, mopitirira muyezo, ndipo shuga amagwa kufika pansi kwambiri. Kunjenjemera ndi njala yoopsa zimachokera pamenepo. Choncho si matenda a shuga amene abwerera, koma shuga amene akutsika mopitirira. Vuto la maswiti n'lakuti amakudzutsani kwa kanthawi, kenako amayambitsanso mkombero womwewo, ndipo pakutha kwa tsiku mumakhala mutadya shuga wochuluka pamene zomanga thupi simunadye.

Poti mumayendetsa galimoto, nkhaniyi musaichedwetse, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amasokonezeka maganizo ndipo akhoza kukomoka ali pachiwongolero. Mukamva kunjenjemera, imitsani galimoto pambali. Ngati muli ndi kachida koyezera shuga ndipo akuonetsa kuti ali pansi pa 4 (pa muyezo wa mmol/L), idyani kanthu kakang'ono ka shuga kuti akwere, kenako mutsatize ndi dzira, tchizi kapena mtedza kuti asagwenso. Ngati mukadali kumwa mankhwala a shuga amene munkamwa musanachitidwe opaleshoni, makamaka glibenclamide, kapena mukubayabe insulin, kaonaneni ndi adokotala sabata ino, chifukwa anthu ambiri amafunika kuchepetsedwa kapena kusiyitsidwa mankhwalawa pambuyo pa bypass.

Njira yopewera ndi kusiya kumwa nkhomaliro n'kuyamba kuitafuna. Maheu a m'botolo, thobwa, Sobo, madzi a zipatso, uchi ndi nzimbe zonse zili m'gulu limodzi kwa inu, ndipo zakumwa za mpweya monga Fanta zimawonjezerapo kufufuma. Musanachoke kunyumba, longedzani mazira awiri owiritsa, kachitini ka pilchards kapena nthuli ya nkhuku, ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, n'kugawa zimenezi kuti muzidya pang'ono maola atatu kapena anayi alionse. Mphindi 20 zoimika galimoto n'zokwanira. Ngati vutoli likupitirira ngakhale mutasintha kadyedwe, pali mankhwala monga acarbose amene amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi, ndipo adokotala ndi amene angaone ngati akukuyenerani. Ndiwonjezerepo za mowa, ngakhale simunafunse: pambuyo pa bypass umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, moti botolo limodzi limaledzeretsa kuposa kale, umatsitsanso shuga, ndipo zimadziwika kuti anthu ena amene sankavutika nawo amayamba kuudalira pakapita zaka zingapo. Chaka choyambachi mowa usakhalepo.

Funso: Chichitidwireni opaleshoni ku South Africa miyezi 5 yapitayo, kupita kumudzi kwa amuna anga kwakhala kovuta. Apongozi amapha nkhuku n'kundiikira mitanda itatu, ndipo ndikadya pang'ono amakhumudwa kuti ndikunyoza kuphika kwawo. Kutchalitchi nako anthu akunong'onezana kuti ndili ndi kachilombo, chifukwa ndaonda msanga ndipo tsitsi likuthothoka. Nthawi zina ndimadzikakamiza kudya kuti ndisawalakwire, kenako n'kukasanza kuseri. — Mayi wa ku Blantyre

Yankho: Mayi, kudzikakamizako kulekeni, chifukwa kusanza mobwerezabwereza kumavulaza chifu chimene chikupola ndipo kumakulandani zakudya zochepa zimene munadya. Apongozi anu sakulakwa: kwathu kuno mlendo amalandiridwa ndi chakudya, ndipo mbale ikabwerera yodzaza wophika amaona ngati wakanidwa iye mwini. Chimene akusowa ndi chifukwa chomveka. Akuluakulu amavomereza mosavuta lamulo la kuchipatala, monga mmene amachitira ndi odwala shuga kapena BP amene analetsedwa mchere, choncho amuna anu, osati inu, akhale nawo pansi n'kuwauza kuti munachitidwa opaleshoni ya m'mimba ndipo adokotala analamula kuti muzidya pang'ono koma kangapo. Inu mukhoza kungonena mwaulemu kuti, "Amayi, ndiwo zakoma kwambiri, ndisungireni zotsalazi ndidyenso madzulo," ndipo madzulowo muzidyedi iwo akuona. Pemphani kambale kanukanu ndipo mudziikire nokha, chifukwa podyera m'mbale imodzi munthu amatengera liwiro la anzake ndipo sadziwa kuti wadya zochuluka bwanji. Pa ukwati ndi pamaliro, pamene chakudya chimachedwa n'kubwera chodzaza mpunga ndi mafuta, idyani dzira musanachoke pakhomo kuti musafike ndi njala.

Tsitsi limathothoka kwa anthu ambiri pakati pa mwezi wa 3 ndi wa 6, chifukwa thupi likamaonda msanga limayamba laimitsa ntchito zosafunika kwenikweni, ndipo tsitsilo limameranso ngati mukudya zomanga thupi zokwanira komanso ngati ayironi ndi zinki sizikuperewera m'magazi. Za manong'onong'owo, simukukakamizidwa kufotokozera mpingo wonse za m'mimba mwanu. Mukafuna, uzani mayi mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo nkhaniyo idzafika yokha kwa ena onse.

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Ndinachitidwa sleeve ku Turkey zaka 3 zapitazo ndipo ndinatsika makilogalamu 40, koma 14 abwerera. Chodabwitsa n'chakuti mpaka pano sindingathe mbale yathunthu ya chakudya. Kuntchito ndimangodya mabisiketi ndi makirisipi pang'onopang'ono ndi tiyi kuti ndisagone. Ana anga ali ku Malawi, ndipo ndikawaganizira ndimapezeka ndatsegula kabati. — Mchemwali wa ku Leeds

Yankho: Achemwali, palibe chodabwitsa apa. Opaleshoni imachepetsa kuchuluka kwa chakudya chimene chingalowe nthawi imodzi, koma siiwerengera kuti munthu wadya kangati. Mabisiketi, makirisipi, chokoleti, ndiponso mandasi ndi zitumbuwa za kwathu, zimasungunuka m'kamwa n'kudutsa m'chifu chaching'ono popanda kuchidzaza, makamaka zikatsagana ndi tiyi. Bisiketi imodzi mphindi 20 zilizonse kwa usiku wonse imatha paketi, ndipo paketiyo ikhoza kukhala ndi mphamvu zoposa za mgonero wathunthu, koma inu simunamvepo kukhuta ngakhale kamodzi. Kadyedwe kongotolatola kotereka ndi kamodzi mwa zinthu zimene zimadziwika kwambiri kuti zimabwezera thupi pambuyo pa opaleshoni. Dziwaninso kuti anthu ambiri amafika pa kulemera kotsikitsitsa pakati pa miyezi 12 ndi 18, kenako n'kubwezako pang'ono, ndipo inu mukadali makilogalamu 26 pansi pa pamene munayambira.

Ntchito ya usiku imawonjezera vutoli, chifukwa munthu wosagona mokwanira amakhala ndi chilakolako chachikulu cha zotsekemera ndi zamafuta. Choncho tulo ta masana muzititenga ngati gawo la mankhwala anu: chipinda chamdima, foni yozimitsa, ndi maola okwanira. Kuntchito muzipita ndi chakudya chimene mwakonza kale, n'kudziikira nthawi zodyera, mwachitsanzo musanayambe ntchito, pakati pa usiku, ndi m'mawa musanagone, ndi kanthu kamodzi kapena tiwiri tomanga thupi pakati, monga yogati yosathira shuga. Nthawi zina zonse ndi za madzi kapena tiyi wopanda shuga. Chakudya chilichonse muzichiika pambale n'kukhala pansi, osati kudyera m'paketi mutaimirira, ndipo pakatha mphindi 20 mpaka 30 muzichotsa mbaleyo ngakhale zitatsala, chifukwa kudya pang'onopang'ono kwa ola lathunthu ndi njira ina yolambalalira opaleshoni.

Chiganizo chanu chomaliza ndi chimene chili pamtima pa nkhaniyi. Njala ya m'mimba imabwera pang'onopang'ono pakapita maola chidyereni, ndipo imalandira chilichonse, ngakhale dzira lowiritsa. Chilakolako chobwera ndi chisoni, kutopa kapena kusungulumwa chimabwera mwadzidzidzi, chimafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo sichitha ngakhale paketi itatha. Mukafika pakabatipo, dzifunseni ngati mungadye dzira. Ngati yankho ndi ayi, dikirani mphindi 15, imwani madzi, ndipo chitani chimene mtima ukufuna kwenikweni, monga kujambula uthenga wa mawu pa WhatsApp kuti ana akadzuka aumve. Kwa sabata imodzi lembani chilichonse chimene mwadya, nthawi yake, ndi mmene munkamvera, chifukwa pepalalo lidzakuonetsani maola amene mumagwa. Madokotala anadula chifu, koma kupukwa ana sanakukhudze, ndipo si chinthu chochititsa manyazi kupempha GP wanu, dokotala amene amakuonani nthawi zonse ku Britain komweko, kuti akutumizeni kwa mlangizi wa maganizo ndi kwa katswiri wa kadyedwe.

Kwa GP komweko pemphaninso kuyezedwa magazi, chifukwa anthu ambiri amene anakachitidwira opaleshoni kunja kwa Britain amakhala opanda wowatsatira. Funsaninso za mankhwala monga liraglutide ndi semaglutide, amene amatsanzira homoni ya GLP-1 ndipo madokotala ena amawapereka kwa anthu amene thupi labwerera pambuyo pa opaleshoni. Musawagule pa intaneti. Musatsatirenso malangizo amene amafala m'magulu a pa Facebook oti mubwerere ku zamadzimadzi zokhazokha kwa masiku angapo kuti chifu chikwinyikenso, chifukwa palibe umboni wakuti chimakwinyika, ndipo munthu amatulukamo ndi njala yoposa kale.

Funso: Mkazi wanga anachitidwa bypass ku India masabata 5 apitawo. Samva njala ngakhale pang'ono, ndipo kwa masabata awiri tsopano amasanza pafupifupi chilichonse, ngakhale phala. Iye akusangalala kuti thupi likutsika msanga. Mavitamini amene anabwera nawo anawasiya chifukwa amamuchititsa nseru. Masiku awiri apitawa akuti mapazi akuchita dzanzi ndipo akuyenda modzandira. — Bambo wa ku Zomba

Yankho: Kalata iyi tinaiyankha tsiku lomwe inafika, koma tikuisindikiza kuti ena aphunzirepo. Bambo, tengani mayi kuchipatala chachikulu lero lomwe, osadikira mawa. Thupi limasunga vitamini B1, yotchedwanso thiamine, yokwanira masabata awiri kapena atatu okha, ndipo munthu amene akusanza mosalekeza pambuyo pa opaleshoni yotereyi akhoza kuithera. Ikatha, mitsempha ndi ubongo zimayamba kuwonongeka, ndipo zizindikiro zake ndi dzanzi la mapazi, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kusokonezeka maganizo. Zikagwidwa msanga zimachizika ndi jakisoni wa vitaminiyo, koma zikachedwa zimasiya chilema chosatha. Tengani makalata onse a opaleshoni, muuze adokotala mtundu wake ndi tsiku limene inachitika, ndipo muwakumbutse za thiamine asanamuike diripi ya shuga, chifukwa shuga woperekedwa yekha kwa munthu woperewera vitaminiyi amakulitsa vutolo. Ayeneranso kufufuza chimene chikumusanzitsa, chifukwa pamene analumikiza kathumba ndi matumbo pakhoza kupanikizika kapena kuchita chilonda, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo.

Akadzachira, dziwani kuti kusamva njala sikutanthauza kuti thupi silikufuna chakudya. M'miyezi yoyambirira munthu amadya potsatira wotchi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, masupuni ochepa nthawi iliyonse. Zipatala zimasiyana pang'ono pa dongosolo lake, koma zambiri zimayamba ndi zamadzimadzi kwa masabata awiri, monga mkaka ndi msuzi wosefa, kenako zopera zosalala kwa masabata ena awiri, monga phala losakaniza ndi mkaka wa ufa, nyemba zochotsa makoko n'kuzipota, kapena nsomba yopera, kenako zofewa monga mazira ndi chambo chowiritsa, ndipo chakudya cha masiku onse chimabwera pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8. Gawo lina likakana, amabwerera ku lam'mbuyo kwa masiku angapo. Nthongo iliyonse ikhale yaing'ono, itafunidwe mpaka isalale, ndipo akangomva kuthina pansi pa chifuwa aleke pomwepo, ngakhale patatsala supuni imodzi.

Mavitamini pambuyo pa bypass ndi a moyo wonse, chifukwa chakudya sichidutsanso mbali ya matumbo imene imayamwa ayironi ndi kashiamu wambiri, ndipo kathumba kakang'onoko sikathandiza mokwanira kuyamwa vitamini B12. Ngati mapiritsi akumuchititsa nseru, pali otafuna ndi amadzi, ndipo B12 imaperekedwanso pa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Ayironi ndi kashiamu zitalikirane ndi maola awiri, ndipo ayironi asamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa kulowa kwake m'magazi. Mutu ukamupweteka amwe Panado, koma apewe Brufen, diclofenac ndi aspirin pokhapokha adokotala atalamula, chifukwa mankhwalawa amayambitsa zilonda pamene panalumikizidwapo. Ngati akadali pa msinkhu wobereka, adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge mimba, ndipo akafunse kuchipatala njira yolera ina osati mapiritsi, chifukwa pambuyo pa bypass mapiritsiwo sadalirika. Magazi ayezedwe pa mwezi wa 3, wa 6 ndi wa 12, kenako kamodzi chaka chilichonse, ngakhale pamene akudzimva kuti ali bwino.